Kodi Mbalame Yosadyedwa Ili ndi Phindu?

Pali anthu amene amalipira ndalama, kukwera galimoto maola angapo, n'kukayenda pansi m'mbali mwa dambo tsiku lonse, cholinga chawo chili chimodzi: kuona mbalame ndi nyama. Sanyamula legeni, satchera msampha, ndipo madzulo amabwerera chimanjamanja koma ali okondwa. Nkhani yotereyi mukaikamba pamsika wa Ndirande kapena mu minibasi yopita ku Limbe, anthu amaseka. Wina amati ndi zachizungu, wina amati ndi masewera a anthu okhuta, ndipo sipalephera wofunsa kuti, "Ndiye bakhayo anangomuyang'ana n'kumusiya? Si ndiwo zimenezo?"

M'kuseka kumeneku muli funso lenileni, ndipo ndi bwino tiliyankhe mosathamanga. Kodi n'chilungamo kusunga dambo, mbalame ndi nyama zake kuti ena azikaona, m'dziko limene ana ambiri amagona ndi njala? Kuseri kwa funsoli kuli linanso lozama: kodi chinthu chimene sitingadye, kugulitsa kapena kusonkhera moto chili ndi phindu lililonse?

Madambo awiri amene tikuwadziwa

Tisakambe za m'malere. Dziko lathu lili ndi madambo awiri odziwika pa dziko lonse lapansi, ndipo onse ali kuno kummwera. Loyamba ndi la nyanja ya Chilwa, imene yakhudza maboma a Zomba, Phalombe ndi Machinga mpaka kumalire a Mozambique. Mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe imathira m'nyanjayi, koma palibe mtsinje wotulukamo. Ndi nyanja yosazama, yozunguliridwa ndi njedza ndi bango, ndipo mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 anthu anaona mabwato atakhala pamatope ouma ku Kachulu. Matemba, makumba ndi milamba yambiri imene amayi amagula m'misika yathu imachokera kumeneko.

Lachiwiri ndi Elephant Marsh, ku chigwa cha Shire, pakati pa Chikwawa ndi Nsanje, kumene mtsinje wa Shire umamwazika n'kukhala timitsinje ndi maiwe osawerengeka. Dzinali analipereka ndi David Livingstone, amene anadutsa kumeneko mu 1859 n'kulemba kuti anaona njovu pafupifupi 800. Lero dzina lilipo, njovu kulibe. Kwatsala mvuu, ng'ona, akakowa, atsekwe, nkhwazi ndi mbalame zina zam'madzi zamitundumitundu.

Mu 1971, mumzinda wa Ramsar ku Iran, mayiko anasainirana pangano losamala madambo. Panganoli linayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 1997, ndipo Chilwa inali malo athu oyamba kulembedwa pa mndandanda wa madambo ofunika pa dziko lonse. Elephant Marsh inalembedwa mu 2017. Kumeneku n'kumene alendo amapita ndi makamera ndi timabuku ta mayina a mbalame, ena pa bwato, ena wapansi.

Wotsutsa ali ndi mfundo

Munthu wonena kuti zonsezi ndi za anthu okhuta sakuyankhula zopanda mutu. Mbiri ili kumbali yake. Mu 1897 boma la atsamunda linapatula Elephant Marsh ndi Chilwa kukhala malo osungirako nyama, ndipo malamulo a ulenje a nthawi imeneyo ankakomera mzungu wa mfuti ndi laisensi kuposa mwini dera wa uta ndi mbuna. Munthu amene makolo ake anasaka pamalopo kuyambira kalekale anasanduka wakuba tsiku limodzi. N'chifukwa chake mpaka lero mawu oti "malo otetezedwa" amamveka kwa ena ngati "malo olandidwa".

Zamasiku ano nazonso zimamupatsa mphamvu wotsutsayo. Mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku nkhalango ya Kasungu, ndipo chiyambire pamenepo anthu okhala m'malire a nkhalangoyo, mbali ya Malawi ndi ya Zambia yomwe, akhala akudandaula za minda yowonongedwa ndi anthu ophedwa ndi njovu. Mlendo amajambula njovu n'kubwerera kwawo. Mlimi amagona m'chisakasa pakati pa munda, ali ndi chitini ndi muuni, kudikira nyama yomweyo usiku. Ku chigwa cha Shire, ng'ona imene mlendo amaichita chidwi ndi yomweyo imene imagwira mayi potunga madzi.

Taganizaninso za bambo wa ku Chilwa chaka chimene nyanja yaphwa. Nsomba kulibe, mpunga wapserera, ana akulira. Chatsala ndi mbalame za m'njedza. Kodi ife okhala m'tauni, amene tadya nsima masana, tingamuuze ndi nkhope yotani kuti asatchere msampha chifukwa mbalameyo ndi yokongola? Chiphunzitso chilichonse cha za chilengedwe chimene chilibe yankho kwa bambo ameneyu sichinafike pokhwima.

Yankho loyamba: dambo ndi nkhokwe

Choyamba kukumbukira n'chakuti funsoli limaikidwa ngati kuti tiyenera kusankha pakati pa mbalame ndi mwana wanjala, pamene nthawi zambiri awiriwa amadyera m'mbale imodzi. Dambo limagwira ntchito imene sitiiona chifukwa siichita phokoso. Mvula ikagwa yambiri, dambo limamwa madzi n'kuwasunga, kenaka limawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe, n'chifukwa chake zitsime za pafupi ndi dambo zimachedwa kuphwa ndipo madimba amakhala obiriwira mu Okutobala. Bango ndi njedza zimachepetsa liwiro la madzi n'kugwira dothi ndi zinyalala. M'mizu ya zomera zomwezo ndi mmene nsomba zimaswerana ndi kubisalamo zikadali zazing'ono. Ku Nsanje, chaka cha njala, anthu amalowa m'dambo kukazula nyika kuti ana apeze chotafuna. Dambo likafa, woyamba kulira si mlendo wa kamera, pakuti iyeyo angopita kwina. Woyamba kulira ndi msodzi, mlimi wa dimba, woluka mphasa, kenaka mayi wa ku Goliyo amene apeza mulu wa matemba wakwera mtengo.

Mbalame nazo ndi mboni. Pamene pali akakowa ndi nkhwazi zambiri, dziwani kuti m'madzimo muli nsomba. Zikayamba kusowa, ndiye kuti nkhokwe yayamba kutha pansi. Munthu wowerenga mbalame chaka ndi chaka, ngakhale aoneke ngati wosowa chochita, ali ngati wosuzumira m'nkhokwe kuti adziwe ngati chimanga chifika mwezi wa Febuluwale.

Pangano la Ramsar lenilenilo silinena kuti anthu achotsedwe m'madambo. Mfundo yake ndi kugwiritsa ntchito mwanzeru: kutapa popanda kugwetsa nkhokwe. Ku Chilwa asodzi amakhala m'zimbowera pamadzi pomwepo, kuli nyengo yotseka usodzi kuti nsomba ziswane, ndipo alenje a mbalame anapanga magulu awo n'kupatula malo ena amene salola kusakamo. Nzeru imeneyi si yachilendo kwa owerenga Baibulo. Buku la Deuteronomo, mutu 22, limalola munthu wopeza chisa kutenga ana kapena mazira, koma limamulamula kusiya make. Njala ya lero ikuvomerezedwa, koma ikuletsedwa kudya mawa.

Ife a ku Ndirande sitifunika kupita kutali kuti timvetse zimenezi. Agogo athu akukumbukira phiri lathu lili ndi mitengo yothithikana, ndipo akukumbukiranso mmene linametedwera mpala m'zaka za m'ma 1990. Madambo a m'mbali mwa Nasolo ndi Mudi tinawasandutsa mapuloti, maenje a njerwa ndi mchenga, ndi kudzala kotayako mapulasitiki. Madzi alibenso pokhala, ndiye amalowa m'nyumba. Namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, anagwetsa mvula imene ngakhale nkhalango yabwino ikanavutika nayo, ndipo anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa m'dziko muno, ena mwa iwo kuno ku Blantyre, makamaka ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche. Sitinganene kuti mitengo ikanaletsa zonse. Koma tonse tinaona kuti madzi otsika paphiri lopanda chovala, n'kupeza dambo lamangidwa nyumba, sakhala ndi chisoni.

Yankho loyambali silokwana

Tikanatha kulekera pomwepa n'kunena kuti tisamale dambo chifukwa limatidyetsa. Koma tikatero tasiya funso lachiwiri lija lisanayankhidwe. Nanga nantchengwa, amene anthu ambiri samudya? Nanga kachule kosadziwika dzina, kapena duwa lomera pakati pa matope pamene sipafika munthu? Ngati phindu la cholengedwa ndi ntchito yake kwa ife basi, ndiye kuti tsiku limene tidzapeze njira yoweta nsomba zokwanira m'maiwe okumba, tidzakhala ndi ufulu wokwirira Chilwa yense. Mtima umakana mfundo imeneyi, ndipo ndi bwino kufunsa chifukwa chake.

Buku la Genesis limatipatsa poyambira. M'mutu woyamba, zam'madzi ndi mbalame zikulengedwa tsiku lachisanu, ndipo Mulungu akuziona kuti n'zabwino ndi kuzidalitsa munthu asanakhalepo. Panalibe msodzi, panalibe msika, panalibe mphika, komabe ubwino unalipo kale. Ubwino umenewo sunadikire kuti ife tibwere tidzauike mtengo. M'mutu wachiwiri munthu akuikidwa m'munda ndi ntchito ziwiri, kulima ndi kusunga, ndipo akupatsidwanso ntchito yotcha nyama ndi mbalame mayina. Simungatche dzina chinthu chimene simunachiyang'ane bwino. Makolo athu anaichita ntchito imeneyi mokhulupirika: anasiyanitsa namzeze ndi mpheta, njiwa ndi nkhunda, timba ndi pumbwa, n'kuziika m'nthano ndi m'miyambi. Tikati kuyang'ana mbalame n'kwachizungu, tikuwalanda agogo athu luso lawo. Mwana wa ku Ndirande amene amadziwa osewera onse a timu ya ku England koma sadziwa mbalame zisanu za m'phiri limene amaliona tsiku ndi tsiku wasauka m'njira imene ndalama sizingakonze.

Papa Francis, m'kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015, anaphunzitsa zomwezi: kuti cholengedwa chilichonse chili ndi ulemu wake pamaso pa Mlengi, ndiponso kuti kuwonongeka kwa chilengedwe ndi kuvutika kwa amphawi ndi nkhani imodzi. Koma ngakhale munthu wosawerenga makalata a Papa angathe kuona choopsa chimene chili m'diso longoona mtengo wa zinthu. Diso ndi limodzi. Munthu akalizoloweza kufunsa kuti "ndipindulapo chiyani?" pa mtengo, pa mtsinje ndi pa mbalame, silisintha likafika pa anthu. Lidzafunsa funso lomwelo pa gogo amene sangathenso kulima, pa mwana wolumala, pa wodwala wosachira, pa wantchito wa pakhomo amene wakalamba. Tikudziwa nkhanza zimene okalamba ena akukumana nazo m'dziko muno ponamiziridwa ufiti, ndipo nthawi zambiri zimayamba pamene achibale ayamba kuwaona ngati katundu wolemetsa. Kuphunzira kulemekeza chinthu chimene sichikupatsa kanthu ndi sukulu ya umunthu, ndipo mbalame ya m'dambo ndi mmodzi mwa aphunzitsi ake.

Kuyang'ana osatenga

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Aliyense amene anayesapo kudikira mbalame m'bango akudziwa kuti imabwera nthawi yake, osati yanu. Mukachita phokoso imathawa, mukathamanga simuiona. Muyenera kukhala chete, kuzimitsa foni, kulola udzudzu ukulumeni pang'ono, n'kuvomera kuti mwina lero simuona kanthu. M'tauni muno zonse zimatiphunzitsa zosiyana ndi zimenezi: kulimbirana mpando mu minibasi, kukuwa kuti malonda ayende, kugwira msanga mnzako asanagwire. Munthu amene wakhala ola limodzi akuyang'ana nkhwazi popanda kuifuna m'manja mwake waphunzira kuti chimwemwe china sichidalira kukhala mwini chinthu. Phunziro limenelo limakagwira ntchito m'banja, pa ndalama za mphakati, ndi pamaso pa katundu wa mnansi.

Kodi zimenezi n'za anthu okhuta okha? Kumbukirani kuti m'Uthenga Wabwino wa Mateyo, mutu 6, Ambuye Yezu anauza anthu kuti ayang'ane mbalame ndi maluwa akutchire. Anthu amene ankawauzawo sanali alendo a makamera. Anali anthu odera nkhawa za chakudya ndi chovala cha mawa, ngati ife. Kwa iwowo ndi kumene anaona kuti kuyang'anako n'kofunika. Mmphawi si mimba yokha. Ali ndi maso, ali ndi mtima wotha kuzizwa, ndipo kunena kuti kukongola n'kwa olemera n'kumulanda kachiwiri. Namzeze amene amafika ndi mvula zoyamba, ena mwa iwo atauluka kuchokera ku Ulaya, salipiritsa munthu pomuona pa waya wa magetsi ku Chinseu.

Ndani asenze mtolo?

Tsono tibwerere kwa bambo wa ku Chilwa uja. Ngati dambo ndi nkhokwe ya tonse, ndipo ngati zolengedwa zili ndi ulemu wawo, funso la chilungamo likhala ili: ndani alipire mtengo wozisunga? Walira mvula walira matope. Amene akufuna kuti njovu, mvuu ndi mbalame zikhalepo ayenera kusenza nawo mavuto amene zimabweretsa. Si chilungamo kuti phindu lipite kwa tonse koma mtolo ugwere mudzi wa m'malire wokha.

Apa ife a m'tauni tisadzione ngati oweruza. Njovu za ku Elephant Marsh sizinathe chifukwa cha njala ya m'mudzi yokha, zinatha makamaka chifukwa cha mfuti ndi msika wa minyanga umene ogula ake anali kutali. Lero zilinso chimodzimodzi: thumba la makala limene limatsika m'phiri usiku limathera pa mbaula zathu, mbalame zootcha zimagulidwa ndi apaulendo, nsomba zogwidwa ndi neti ya udzudzu zimadyedwa m'nyumba zathu. Madzi ambiri a m'mipopi ya Blantyre amapopedwa kuchokera mu Shire pa Walker's Ferry, ndipo magetsi athu amachokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje womwewo. Dothi lokokoloka kumtunda limatipeza kudzera m'mpopi wouma ndi m'nyumba yamdima. Wotchera msampha ndi wodula mtengo ndi manja chabe, pakamwa ndi ife.

Choncho yankho lachilungamo lili ndi mbali ziwiri zosalekanitsika. Malo asungidwe, ndipo anthu a pamalopo akhale oyamba kupindula ndi oyamba kufunsidwa. Munthu amene wagwira mbalame kuti ana ake asafe ndi njala sali pamlandu umodzi ndi amene amatchera maukonde kuti adzaze matumba a malonda. Zinthu zikhoza kubwerera ngati anthu afuna: ku Majete, kumene njovu zinali zitatheratu, bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa nkhalangoyo mogwirizana ndi boma mu 2003, ndipo lero kuli njovu, zipembere ndi mikango. Koma muyeso wa ntchito yotere usakhale chiwerengero cha nyama chokha. Tifunsenso ngati mwana wa m'mudzi woyandikana ndi mpanda analowamo n'kuona chipembere ndi maso ake, ndiponso ngati bambo ake akugona mwamtendere.

Nanga ife titani?

Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Sitingakonze Chilwa tili ku Ndirande, koma pali zimene zili m'manja mwathu. Magulu a achinyamata ndi miphakati amasonkha ndalama za maulendo chaka ndi chaka. Ulendo umodzi ungathe kukhala wa ku Michiru, pafupi pomwepa ku Chilomoni, kumene ambiri timakwera kale pa Njira ya Mtanda, kapena wa ku Kachulu kukaona nyanja imene imatidyetsa matemba. Popita kumeneko tilembe ntchito wotiperekeza wa komweko n'kumulipira mosanyinyirika, tigule kwa amayi a komweko, tifunse akuluakulu mayina a mbalame, ndipo tisasiye botolo kapena pepala. Makolo atengeko ana kumapeto kwa sabata, ngakhale kungokwera phiri lathu lomweli m'mawa, n'kuwerenga mbalame zimene zatsala.

Pakhomo, tileke kutaya zinyalala mu Nasolo ndi m'ngalande podikira kuti mvula idzakokolola. Pogula puloti tifunse ngati si njira ya madzi, ndipo amene ali ndi udindo wogawa malo akumbukire kuti kugulitsa dambo kwa mmphawi n'kumugulitsa tsoka. Mbande zimene timadzala nyengo ya mvula tizizithirira ndi kuziteteza ku mbuzi, chifukwa mtengo wodzala pa mwambo n'kuiwalika sufika chaka. Mpingo unapatula nyengo yoyambira pa 1 Sepitembala mpaka pa 4 Okutobala, tsiku la Francis Woyera wa ku Assisi, kuti tiziganizira za chilengedwe, ndipo pa 2 Febuluwale dziko lonse limakumbukira madambo. Masiku amenewa angathe kukhala a ntchito ya manja m'miphakati yathu.

Mbalame yosadyedwa ili ndi phindu. Imatiuza ngati nkhokwe ya madzi ndi nsomba ikadali yamoyo, imatiphunzitsa kudekha, ndipo imatikumbutsa kuti dziko lino tinalipeza ndipo tidzalisiya. Koma ngakhale ikanapanda kutichitira zonsezi, ikanakhalabe yoyenera kukhalapo, chifukwa Mwini wake anaiona kuti ndi yabwino ife tisanabadwe. Chotsalira kwa ife n'kuonetsetsa kuti posunga mbalameyo sitikupondereza mnzathu wokhala nayo pafupi, ndiponso kuti adzukulu athu asadzalandire mayina okhaokha, monga ife talandira dzina la dambo la njovu lopanda njovu.